Kapenta wa ku Kariba ndi Nyengo za M'madzi

Msewu wocokera ku Harare kunka ku Chirundu upyola pa Banket, dziko la fodya, kumene anthu ambiri a ku Nyasaland anadza kudzagwira nchito m'mafamu, ena ndi Mthandizi, ena mwa okha. Mumsewu womwewo mudzera kapenta wouma wa ku Kariba, ndiwo ya m'makomboni. Kansomba kameneka kadalira tizomera tating'ono zedi ta mtundu wa ndere, timene diso silingathe kutiona.

Khoma la Kariba linatseka Zambezi mu December 1958, nyanja nidzala mu 1963. Kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, ndipo usodzi wace unakula m'zaka za 1970.

Nyanja iri nazo nyengo zace monga munda. M'miyezi yotentha madzi ofunda akhala pamwamba, ozizira pansi, osasakanizana, ndipo manyowa onse amira. Pofika June ndi July cisanu ndi mphepo zitembenuza madziwo, manyowa nakwera. Pamenepo ndere zicuruka, tizirombo ta m'madzi tidya ndere, kapenta nadya tizirombo. Asodzi a usipa a ku Malawi adziwa kale nchito imeneyi ya mwera.

Nyengo zotere sizikhala pamodzimodzi. Mu 1931 Alister Hardy wa ku England anayamba kukoketsa ndi zombo makina osefa madzi a nyanja yamchere, ndipo kaundula wace waonetsa kuti ku North Sea mitundu ina ya tizomerati icuruka masabata angapo msanga kuposa kale, pamene ina sinasinthe. Zamoyo zozidya zikasemphana nazo nthawi, njala igwa m'madzi.

Ku Kariba, Christopher Magadza ndi anzace anapeza kuti madzi afunda kuposa m'zaka za 1960, ndi kuti ndere zonenepetsa tizirombo zinacepa, nizicuruka zina zimene tizirombo sitizidya bwino. Kapenta wogwidwa anafika pacimake ca m'ma 1990, nayamba kutsika. Akatswiri ena akana, nati mlandu uli ndi zombo zosodza ndi nyali usiku, ndipo mau awo sali opepuka. Mu 1999 Zimbabwe ndi Zambia anapangana kuti zombozo zisapitirire 500, koma panganolo silinasungidwe.