Mwini Thumba ndi Mafunso a Ofufuza ku Chiradzulu

Anthu ofufuza za matenda amati atsata choonadi chokha. Koma mbiri ya boma la Chiradzulu itionetsa kuti funso limene wofufuza afunsa limabadwira kawirikawiri m'thumba la amene alipira ntchitoyo.

M'chaka cha 2001 madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kupereka mankhwala a ma ARV pa chipatala chachikulu cha bomali. Chaka chomwecho kampani ya Cipla, ya ku India, inatsitsa mtengo wa mankhwala a munthu mmodzi kufikira madola 350 pa chaka, pamene kale unali kupitirira madola 10,000. Masiku amenewo akuluakulu ena a m'maiko olemera anali kunena kuti munthu wa kumudzi sangathe kumwa mankhwala otere m'nthawi yake. Chotero kufufuza koyamba kunali ngati mlandu wofuna mboni, kuti osunga chuma akhulupirire. Umboniwo unasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2006.

Ndalama za Global Fund zitafika, boma la Malawi linayamba kugawa mankhwalawa mwaulere mu 2004. Odwala anachuluka, koma madokotala ai. Pamenepo mafunso anatembenuka. Kodi namwino angathe kuyambitsa wodwala mankhwala? Kodi munthu amene wapeza bwino angaonedwe kamodzi kokha pa miyezi isanu ndi umodzi? Kodi magazi angayezedwe pa chipatala chaching'ono, osawatumiza kutali? Makina a SAMBA, opangidwa ku Cambridge, anagwira ntchito kuno ndi ndalama za UNITAID poyankha funso lotsirizali. Awa ndiwo mafunso a kapitao amene ali ndi munda waukulu ndi makasu owerengeka. Ndipo sitiwanyoza, pakuti mayankho ake anasunga miyoyo, napeputsira amai maulendo aatali a pansi.

Komatu zolembedwa mosamala m'mabuku zinali za nthenda imene mwini thumba anaisankha. Nkhalamba yodwala shuga, yokhala pa benchi lomwelo, sinapeze oiwerenga ndi changu chotero, ngakhale kuti nthenda yake nayonso imapha. Ndipo mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, ntchito zambiri za HIV m'dziko muno zinagwedezeka, pamodzi ndi alembi amene anali kusunga mabuku ake.