Za ku Nkhotakota, ndi Zimene Mlendo Ayenera Kukaona Kumeneko

Ambiri a inu, abale, mudapitapo pa Nkhotakota pa ulendo wa kumpoto kapena wa ku Salima. Basi iima pa msika, mugula nsomba ndi mpunga pazenera, ndipo musanathe kuwerenga ndalama zotsala, galimoto yanyamuka kale. Munthu wotere pofika kwao anena kuti, "Nkhotakota ndimdziwa," koma sanamuone ai. Mudzi weniweni uli kumunsi, cha kunyanja, ndipo ufuna munthu woyenda pansi, wosafulumira. Tsono tifuna kukuuzani malo amene muyenera kukaimapo, pakuti mbiri ya mudziwu siili m'mabuku mokha. Ili m'mitengo, m'manda ndi pa doko.

Yambani pa msika pomwepo. Mudzapeza usipa ndi utaka pa thandala, chambo cha m'mawa womwewo, ufa wa kondowole, ndi milu ya mpunga umene fungo lake lidatchukitsa dera lino. Pogula mpungawo dzifunseni kuti udabwera ndi yani. Ulimi wake udakula pano ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere, amene adadza ndi malonda enanso oopsa, ndiwo malonda a anthu.

M'zaka za m'ma 1840 kudafika Mswahili dzina lake Salim bin Abdallah, napempha malo m'dziko la Achewa a Malengachanzi. Iyeyu ndiye woyamba wa mafumu aja otchedwa Jumbe. Sadasankhe malowa mwangozi. Tsikirani ku doko ndipo mudzaona nokha: mchenga wa Sungu utchinga mafunde, kotero kuti zombo zikhoza kukocheza bwino ngakhale mwera utakalipa, ndipo tsiku lopanda nkhungu mapiri a tsidya lija aoneka. Jumbe adali ndi mfuti, onga, nsalu ndi mikanda. Chimene adafuna posinthana nazo ndicho minyanga ya njovu ndi akapolo onyamula minyangayo. Anthu ankagwidwa pa nkhondo, ena ankaperekedwa pa mlandu waung'ono, ena ankabedwa kumunda. Atasonkhanitsidwa pano ankawalonga m'zombo zamatanga kuwaolotsa nyanja, ndipo tsidya lija ankayamba ulendo wapansi wa miyezi, goli lili m'khosi, kufikira ku Kilwa. Rigby, kazembe wa Angelezi ku Zanzibar masiku amenewo, adawerengera kuti akapolo 19,000 ochokera ku dziko la Nyasa ankapita pa nyumba ya msonkho ya kumeneko chaka ndi chaka. Si onse adadzera pa Nkhotakota, koma doko lino lidali limodzi la makomo aakulu. Ndipo chiwerengerocho sichitchula aja adatsala m'njira.

Pali chinthu chimodzi chimene sitikonda kuchinena, koma tichinene. Jumbe sakadatha ntchito imeneyi yekha. Adapeza eni dziko ena okonda nsalu ndi mfuti koposa ana a mnansi wao. Ndiponso pamene nkhondo za Angoni zidasautsa midzi ya kumtunda, anthu ambiri adathawira kwa Jumbe yemweyo kukafuna chitetezo, nakhala pansi pa mfuti zake. M'menemo mudzi udakula kufikira Azungu oyamba adauyesa umodzi wa midzi yaikulu koposa m'dziko lonse lino. Wogulitsa, wogulidwa ndi wothawa adamanga nyumba moyandikana, ndipo zidzukulu zao ndizo mukumana nazo pa msika lero.

Kuchoka ku doko kwerani ku Mishoni, kufupi ndi chipatala cha St Anne's, kumene kuli mkuyu waukulu wotchedwa mtengo wa Livingstone. Dr David Livingstone adayamba kuona gombe lino mu 1861, pamene adayenda pa nyanja ndi bwato; mu 1863 adabweranso wapansi, napeza Aluya alikupanga chombo chatsopano choolotsera akapolo. Mbiri ya pano inena kuti patsinde pa mtengo umenewu ndipo adakhala pansi ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa, nawadandaulira kuti aleke malondawo. Mudzamva ena akuuza ana kuti ukapolo udathera pa mtengo pomwepo. Si zoona zimenezo, ndipo inu aphunzitsi musaziphunzitse. Livingstone adalandiridwa mwaulemu, nalankhula, nachoka. Zombo zidapitirira kuoloka zaka zina ngati 30. Mtengowo ukumbutsa mawu abwino amene sadamveke pa nthawi yake. Khalani pamthunzi pake kanthawi, muyang'ane kukula kwa thunthu lake, ndipo mukumbukire kuti lidali lalikulu kale pamene anthu aja ankadutsa pano ali m'goli.

Kutha kwake kudadza pang'onopang'ono. Mu 1889 Harry Johnston adapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, amene adalola kuleka malonda a akapolo, nkumalandira ndalama chaka ndi chaka. Mu 1891 dziko lidalowa m'manja mwa Angelezi. Jumbe ameneyo adamwalira mu 1894, ndipo wolowa m'malo mwake sadakhalitse: Boma lidamchotsa pa mpando nkumtumiza ku Zanzibar. Ufumu wa a Jumbe udathera pomwepo. Manda ao alipo, pamodzi ndi zotsala za mzikiti wakale. Chisilamu chidakhazikika pano chisanafike Chikhristu, ndipo Asilamu a Nkhotakota ndi ambiri kufikira lero. Mukafuna kuona mandawo, pemphani kwa akulu a pamalopo, ndipo mupite mwaulemu monga mufuna kuti mlendo achite pa manda a kwanu.

Chaka chomwecho cha 1894 a Mishoni ya U.M.C.A. adatsegula malo ao pano, ndipo wansembe woyamba kukhalapo adali Arthur Fraser Sim. Sadatha zaka ziwiri. Adamwalira mu 1895. M'chaka chomwechonso kudagwa tsoka lina. Chauncy Maples, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Likoma, adadzozedwa ku London kukhala Bishopu, ndipo pobwerera kudzayamba udindo wake, ngalawa imene adakwera idagubuduzika ndi namondwe pa 2 September, kufupi ndi dera la Salima. Iye ndi mnzake Joseph Williams adamira. Mtembo wa Bishopuyo udatengedwa kudza nawo kuno, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Dzina lake lidapatsidwa kwa sitima ya Mishoni imene idayamba kuyenda pa nyanja mu 1901, imene makolo athu ambiri adaikwera. Lowani m'tchalitchimo masana, pamene mulibe anthu. Muli kazizira bwino, ndipo kuchokera pakhomo pake kufika pa doko la akapolo ndi ulendo waufupi wapansi.

Palinso mtengo wina umene anthu adzakulozerani, wa mbiri ya masiku a pambuyo. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachita msonkhano wake waukulu pa Nkhotakota, atsogoleri amene adamangidwa mu 1959 atangotuluka kundende, ndipo pa msonkhano umenewo Dr Banda adapatsidwa utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Masiku amenewo dzina la mudziwu linkalembedwa Kota Kota, monga lilime la Azungu lidalitchulira, ndipo kale dera lonse linkatchedwa Marimba.

Amene ali ndi tsiku lachiwiri atuluke kunja kwa mudzi. Akasupe a madzi otentha a Mawira sali kutali, ndipo ana adabwa kuona madzi otuluka pansi ali ndi nthunzi popanda moto. Kummwera, pa msewu wa ku Salima, kuli thamanda lalikulu la Chia, limene lilumikizana ndi nyanja pa kamtsinje kodutsa pansi pa mlatho. Pamenepo pagulitsidwa nsomba zaziwisi, ndipo wokonda mbalame akhoza kukwera bwato kukaziona m'mabango.

Koma chachikulu ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, imene msewu wa ku Kasungu uidutsa pakati. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,800, mitengo ya miombo yokhayokha kufikira pa phiri la Chipata, kumene kuli nkhalango yobiriwira chaka chonse. Njovu za m'dziko lino zinkaphedwa chifukwa cha minyanga masiku a Jumbe, ndipo opha nyama mozemba a m'zaka zathu adatsala pang'ono kuzitsiriza: m'nkhalango imene kale mudali njovu zoposa 1,500 mudatsala zosakwana 100. Mu 2015 Boma lidapereka kasamalidwe ka nkhalangoyi kwa bungwe la African Parks, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu ngati 500 zidatengedwa ku Liwonde ndi ku Majete, zitagonekedwa ndi mankhwala, nkunyamulidwa pa magalimoto aakulu kudza nazo kuno. Adamanganso mpanda wa magetsi kuti zisalowe m'minda ya anthu. Musalowemo nokha wapansi. Pitani ndi mlonda wa nkhalango, ndipo mumvere zimene akuuzani.

M'nkhalango momwemo muyenda mtsinje wa Bua, umodzi wa mitsinje yowerengeka imene mpasa ikwerabe kuchokera kunyanja kukaikira mazira. Nsomba imeneyi ifuna madzi oyera ndi miyala yopanda matope, ndipo m'mitsinje yambiri imene magombe ake adalimidwa idachepa kwambiri. Pemphani mlondayo akufikitseni pa mathithi a Bua. Pamenepo pali miyala yabwino yokhalapo, koma musasambe, pakuti m'maiwe a kumunsi kwake muli ng'ona.