Mbiri ya mkangano wosanja aphunzitsi a basketball m'makoleji a ku America

Chaka chilichonse, sizoni ya basketball ya m'makoleji a ku America isanayambe mu Novembala, olemba nkhani zamasewero amatulutsa mindandanda ya aphunzitsi amene akuwaona kuti ndi akadaulo kuposa anzawo mwa amene adakali pantchito. Ambiri amayendera mfundo imodzi, yoti mphunzitsi wabwino amadziwika powerenga zikho ndi masewero amene wapambana. Mfundoyi imakoma pakamwa, koma mbiri ya masewerowa siyiikira kumbuyo. Ntchito ya uphunzitsi yasintha kangapo, pamene muyeso wake udakali womwe uja.

James Naismith, amene anayambitsa basketball mu Disembala 1891 ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts, sakanapezeka pamndandanda wotere. Atayamba kuyang'anira timu ya yunivesite ya Kansas mu 1898, anapambana masewero 55 n'kugonja 60. Iye ankakhulupirira kuti basketball ndi yongosewera, yosafuna mphunzitsi. Wophunzira wake Phog Allen ndiye anaisandutsa ntchito, ndipo m'manja mwa Allen munadutsa Adolph Rupp ndi Dean Smith, amene pambuyo pake anatchuka ku Kentucky ndi ku North Carolina. Pa zaka zoyambirirazo panalibe chosanjira anthu. Matimu ankasewera ndi oyandikana nawo basi, ndipo mpikisano wa dziko lonse kunalibe.

Chikho cha NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, chinayamba mu 1939 ndi matimu 8, Oregon n'kuchitenga. Mu 1949 atolankhani anayamba kuvota sabata ndi sabata posanja matimu, ndipo chizolowezi chosanjanso aphunzitsi chinakula kuchokera pamenepo. Rupp analamulira nyengo imeneyo ndi zikho zinayi, ndipo anapuma atapambana masewero 876. Komabe mu 1966 anagonja 72-65 m'masewero otsiriza kwa Texas Western ya Don Haskins, imene inayamba masewerowo ndi osewera asanu akuda okhaokha, zomwe zinali zisanachitikepo pa ndime imeneyo. Nambala za zaka zimenezo zinapezeka makoleji ambiri akummwera atatsekera kunja gawo lalikulu la achinyamata aluso, ndipo mndandanda wongowerenga zikho suonetsa zimenezo.

Dzina limene aliyense amayezedwa nalo ndi la John Wooden wa ku UCLA: zikho 10 pakati pa 1964 ndi 1975, zisanu ndi ziwiri mwa izo motsatizana, komanso masewero 88 osagonja. Luso lake silikayikitsa. Tsiku loyamba lokonzekera sizoni ankakhazika pansi anyamata ake, akatswiri kale, n'kuwaonetsa kavalidwe ka sokosi: kuikoka bwinobwino, kusalaza makwinya kuchidendene ndi kuzala kuti pasatuluke matuza, kenako kumanga zingwe za nsapato molimba. Koma Wooden ankagwira ntchito pansi pa malamulo ena. Pafupifupi zikho zake zonse zinkafuna kupambana masewero anayi okha, ligi iliyonse inkatumiza timu imodzi, ndipo osewera ngati Lew Alcindor, amene anadzadziwika kuti Kareem Abdul-Jabbar, ankakhala pasukulu mpaka kumaliza maphunziro. Mphunzitsi anali ndi nthawi youmba munthu.

Mu 1985 matimu olimbirana chikhochi anafika 64, ndipo mu 2011 anakwana 68. Chikho chinayamba kufuna kupambana kasanu ndi kamodzi m'masabata atatu, wogonja kamodzi akulongedza. Apa mwayi unalowerera kwambiri. Mu 2018 Virginia ya Tony Bennett, imene inalowa mumpikisano ili pamwamba pa onse, inagonja 74-54 kwa UMBC, timu ya nambala 16 m'gawo lake, manyazi amene anali asanagwerepo timu ya nambala wani. Chaka chotsatira Virginia yomweyo inatenga chikho. Mphunzitsi anali yemweyo, kaseweredwe komweko, koma olemba mindandanda anamugwetsa n'kumunyamulanso m'miyezi 13.

Kusintha kwina kunabwera mu 2006, ligi ya akatswiri ya NBA itayamba kukana osewera ongochoka kumene kusekondale. Anyamata aluso kwambiri anayamba kulowa kukoleji chaka chimodzi chokha, podikira kuti zaka zikwane. Kuyambira pamenepo mbali yaikulu ya ntchito ya mphunzitsi inakhala kukopa mwana wa zaka 17 ndi makolo ake. Ndalama nazo zinali zitasefukira: mu 2010 ufulu woonetsa mpikisanowu pa wailesi yakanema unagulitsidwa madola 10.8 biliyoni kwa zaka 14. Aphunzitsi ankalandira mamiliyoni, pamene osewera malamulo ankawaletsa kulandira kanthu kupyola zolipirira maphunziro ndi zofunika pasukulu. Chuma chochuluka chotere chikamadutsa pamutu pa anyamata, ambiri ochokera m'mabanja osauka, njira zamseri sizikanalephera kutseguka.

Zamserizo zinaululika mu Sepitembala 2017, pamene oimira boma pamilandu ku New York analengeza kuti amanga anthu 10. Anayi anali othandizira aphunzitsi m'makoleji akuluakulu, ena anali okhudzidwa ndi kampani yopanga nsapato zamasewero, ndipo ena anali anthu ofuna kudzayendetsa chuma cha osewera akadzalowa ligi ya akatswiri. Ofufuza anakhala nthawi yaitali akumvetsera mafoni, ndipo anajambula mobisa misonkhano ya m'chipinda cha hotela ku Las Vegas, mmene ndalama zinkaperekedwa pamanja. Njira zake zinali ziwiri. Ndalama zina zinkapita kwa mabanja kuti mwana asankhe koleji yovala nsapato za kampaniyo, ndipo banja lina linalonjezedwa madola 100,000. Zina zinkapita kwa othandizira aphunzitsi kuti azinong'oneza osewera awo munthu woti adzamusungitse ndalama.

Mu Okutobala 2018 amuna atatu anapezeka olakwa, ndipo analandira zilango za pakati pa miyezi 6 ndi 9. Othandizira aphunzitsi anayi aja anavomera milandu. Awiri anakhala kundende miyezi itatu, awiri sanalowemo. Palibe mphunzitsi wamkulu amene anazengedwa mlandu kukhoti. Chingwe chinadukira pochepa, ndipo mindandanda inapitirira kutuluka ngati kuti palibe chachitika. Nkhaniyi inaonetsa poyera chimene osanja aphunzitsi ankachizemba: kuti timu ikapambana, palibe amene angalekanitse bwinobwino luso la mphunzitsi ndi njira imene osewera anafikira pasukulupo. Zoti chipambano china chimadzafufutidwa m'mabuku patapita zaka, malamulo akapezeka kuti anaphwanyidwa, zimangowonjezera chisokonezo, chifukwa olemba ena amawerengera masewero ofufutidwawo ndipo ena sawerengera.

M'malo motseka njira za ndalama, zaka zotsatira zinazitsegula poyera. Mu 2021 osewera analoledwa kusamukira kukoleji ina osadikira chaka, ndipo kuyambira pa 1 Julayi chaka chomwecho analoledwa kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope yawo. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola koleji kugawira osewera ake ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni pachaka. Mphunzitsi wa lero amamanga timu yatsopano pafupifupi sizoni iliyonse, ndipo amakambirana za malipiro ndi osewera amene ali nawo kale kuti asathawe.

Nthawi yomweyo akuluakulu anayamba kutula pansi udindo. Roy Williams anapuma mu 2021 ndi zikho zitatu. Mike Krzyzewski wa ku Duke anapuma mu 2022 ndi zikho zisanu atapambana masewero 1,202, Jay Wright wa ku Villanova chaka chomwecho, ndi Jim Boeheim mu 2023. Bennett anachoka mu Okutobala 2024, akunena yekha kuti sakuyeneranso nyengo yatsopanoyi.

Otsalawo ndi ovuta kuwaika pamzere umodzi. Pofika 2025, Bill Self wa ku Kansas anali ndi zikho za 2008 ndi 2022, ndipo Dan Hurley wa ku UConn anali atatenga za 2023 ndi 2024 motsatizana. Tom Izzo wa ku Michigan State anali ndi chimodzi chokha cha 2000, ngakhale anafika kasanu ndi katatu mu ndime ya matimu anayi otsiriza. Mark Few anatenga Gonzaga, koleji yaing'ono ya ku Spokane, mu 1999 n'kuifikitsa m'masewero otsiriza mu 2017 ndi 2021, koma chikho analibe. Kelvin Sampson wa ku Houston anachiphonya ndi mapointi awiri okha, atagonja 65-63 kwa Florida mu 2025. Wowerenga zikho amaika Few ndi Sampson pansi, chonsecho kukweza timu yopanda dzina kufika pamenepo ndi umboni wamphamvu wa uphunzitsi kuposa kulandira timu yolemera kale.

Mindandanda yambiri yotchedwa ya aphunzitsi opambana onse imanenanso za matimu aamuna okha, osatchula n'komwe kuti yasiya ena. Dawn Staley wa timu ya atsikana ya South Carolina anatenga zikho mu 2017, 2022 ndi 2024, chomalizacho atapambana masewero onse 38. Geno Auriemma wa timu ya atsikana ya UConn anatenga chikho chake cha nambala 12 mu 2025, kuposa Wooden ndi ziwiri. Muyeso ukanakhaladi zikho, dzina loyamba pamndandanda likanakhala lake.