Oyilo wa njinga yamoto ya Hondamatic

Honda CB750A, imene okwera amangoitcha Hondamatic, inatuluka mu 1976 ndipo inapangidwa mpaka 1978 basi. Ndi njinga yamoto ya masilinda anayi, injini ya 736 cc, yopanda chogwirira klatchi kudzanja lamanzere. Magiya ake ndi awiri, Low ndi Drive, oponda ndi phazi. Njingayi siisintha yokha magiya, koma munthu akhoza kunyamuka pa Drive n'kuyenda tsiku lonse osakhudzanso chopondera. Zambiri zinagulitsidwa ku United States ndi ku Canada, pomwe ku Japan inkadziwika kuti EARA. Pambuyo pake panabwera zazing'ono za masilinda awiri: CB400A mu 1978, CM400A kuyambira 1979, ndi CM450A mu 1982 ndi 1983. CM400A ndi imene woimba Prince anakwera mufilimu ya Purple Rain ya 1984, ataikongoletsa mwanjira yake.

Msika sunazikonde. Injini ya CB750A inachepetsedwa mphamvu kufika pa mahatchi 47, pomwe CB750 yoyamba ya 1969 inali ndi 67, ndipo anyamata okonda liwiro anaiona ngati njinga ya madala. Zotsalako lero zili m'manja mwa anthu osunga zakale, ndipo aliyense woitulutsa m'galaja imene yakhala zaka zambiri amayamba wakumana ndi nkhani ya oyilo.

Pakati pa injini ndi magiya pali chipangizo chotchedwa torque converter. Chili ngati mafani awiri oyang'anizana m'chibokosi chodzadza oyilo: injini imazunguza fani yoyamba, iyo n'kuponya oyilo pa mapiko a inzake, inzakeyo n'kuzunguza magiya. Pakati pa awiriwa pali kachitatu kobweza oyilo kuti mphamvu yonyamukira ichuluke. M'galimoto, chipangizochi chimakhala ndi mafuta akeake ofiira aja a ATF, osakhudzana ndi oyilo wa injini. Honda pa njingazi sinatero. Oyilo amene amafewetsa mapisitoni ndi camshaft ndi yemweyo amene amadzadza torque converter, ndi yemweyo amene amasambitsa mano a magiya. Kuti zitheke, akatswiri ake anachotsa thanki ya oyilo ya pambali imene CB750 wamba inali nayo, n'kuika oyilo yense pansi pa injini.

Ntchito yachinayi ya oyiloyu ndi imene ambiri amaiwala. Kusowa kwa chogwirira klatchi sikutanthauza kuti klatchi mulibe. Pa CB750A, giya iliyonse ili ndi yake, ya mapuleti angapo omira mu oyilo, ndipo chimene chimaifinya kuti igwire ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa ndi pampu. Oyilo akaterera mopitirira muyezo, mapuletiwo amatsetsereka, amatentha, kenaka amapsa. Atsopano sapezeka pa shopu iliyonse, chifukwa njingazi zinasiya kupangidwa zaka zoposa 40 zapitazo.

Si njinga zonse za mtunduwu zimene zinamangidwa chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene amakaniko ena amaphonya. Moto Guzzi V1000 Convert ya ku Italy, imene inatuluka mu 1975, ili ndi torque converter ya Sachs yokhala ndi thanki yakeyake ya ATF; injini ili ndi oyilo wake, giyabokosi wakenso. Munthu wozolowera Guzzi akathira ATF mu Hondamatic ndiye kuti wathira mu injini yeniyeniyo madzi opyapyala amene sanapangidwire kulimbana ndi mwaye ndi kutentha kwa m'masilinda.

Buku la Honda la nthawiyo linkalamula oyilo wa SAE 10W-40 wa gulu la API SE. Masiku amenewo wa galimoto wamba ankakwanira. Gulu la SE linatha kale. Linalowedwa m'malo ndi SF mu 1980, ndipo zilembo zinapitiriza kukwera, n'kufika pa SP mu 2020. Kukwera kwa zilembozi kunatsata zofuna za galimoto zatsopano. Pofuna kupulumutsa petulo, opanga oyilo anayamba kuthiramo mankhwala oterereka kwambiri, makamaka a molybdenum, amene m'galimoto savuta chifukwa klatchi yake ili kunja kwa oyilo. Pa botolo amadziwika ndi mawu oti Energy Conserving kapena Resource Conserving m'munsi mwa chizindikiro chozungulira cha API. Oyilo wotero ndi wabwino ndithu, kungoti si wa njinga iyi.

Opanga njinga a ku Japan ataona maklatchi akutsetsereka anakhazikitsa muyezo wawo mu 1998, wotchedwa JASO T903. Unagawa oyilo pawiri: MA wosunga kugwira kwa klatchi yonyowa, ndi MB woterera kwambiri. Mu 2006 MA anagawidwanso kukhala MA1 ndi MA2, ndipo MA2 ndiye wogwira kwambiri. Msampha uli pa MB. Botolo lake nthawi zambiri limajambulidwa sikuta, ndipo wogula amaganiza kuti poti sikuta nayo ilibe chogwirira klatchi, oyilo wake agwirizana ndi Hondamatic. Sikuta yamakono imayendera lamba, ndipo klatchi yake pa zambiri ndi youma, yosakhudza oyilo wa injini nkomwe. Hondamatic imafuna MA kapena MA2. Ngakhale pa shelefu ya Honda yeniyeniyo kusiyana kulipo: GN4 10W-40 ndi woyenera, pomwe HP4M ali ndi molybdenum. Chilembo cha MA chomwechi ndi choyenera kuchiyang'ananso anyamata a kabaza, popeza njinga zawo za magiya a phazi zili ndi klatchi yomira mu oyilo.

Palinso nkhani ya ZDDP, mankhwala a zinki ndi phosphorus amene amapanga kachikopa kotchinjiriza pamalo pomwe chitsulo chimakwecha chinzake mwamphamvu. Mu injini za Hondamatic, camshaft imakwecha mikono yotsegula mavalavu popanda kagudumu pakati, choncho kachikopako kamafunika. Phosphorus amawononga chosefera utsi cha galimoto zamakono, ndiye muyezo wa ILSAC GF-4 wa 2004 unamutsitsa kuti asapitirire 0.08 peresenti mu oyilo wopyapyala monga 5W-30. Muyezo wa JASO unatenga nambala yomweyo ngati poyambira, kuti asachepere pamenepo. Ena amagula tibotolo ta zinki n'kuwonjezera okha. Ndi chizolowezi chokayikitsa, chifukwa palibe amene anayesa chisakanizo chotulukapocho pa klatchi, pomwe oyilo wa MA anayesedwa kale.

Kukhuthala ndiye kumene okwera amakangana kwambiri. Pa 10W-40, nambala yoyamba imanena za kuyenda kwa oyilo kukazizira, yachiwiri za kukhuthala kwake pa madigiri 100. Injini izi zimazizira ndi mphepo yokha, ndipo torque converter imawonjezera moto wake: njinga ikaima pa maloboti ili m'giya, fani yoyamba imangotakasa oyilo inzake ili chiimire, ndipo mphamvu yonseyo imasanduka kutentha. Mano a magiya nawo amadula timankhwala tautali timene timasunga kukhuthala, moti oyilo wa 40 amapyapyala msanga kuposa m'galimoto. N'chifukwa chake wokwera wa ku Arizona m'chilimwe, kapena wa injini yotopa yosuta, amathawira ku 20W-50. Ali ndi mfundo, koma mtengo wake ulipo: m'mawa wozizira wa ku Ontario oyilo wokhuthalayo amachedwa kufika pa camshaft, giya imachedwa kugwira, ndipo njinga imakoka mwaulesi mpaka itatenthera. Pa injini yabwinobwino m'nyengo wamba, palibe chifukwa chosiyira 10W-40. Pakati pa awiriwa pali 15W-40 wa injini za dizilo, monga Shell Rotella T4, amene okwera ambiri ku America amamukonda chifukwa ngwotchipa ndipo botolo lake limatchula JASO MA.

Za oyilo wa synthetic, mbiri yoti amatsetsereketsa klatchi ndi yabodza ngati botolo lili ndi MA. Yoti amadonthetsa injini zakale ili ndi kachoonadi pang'ono: masili a labala azaka zambiri amauma, ndipo oyilo wotsuka bwino akachotsa litsiro limene linkatseka ming'alu, kudontha kumaonekera. Ubwino wake ndi kupirira kutentha. Koma njinga yongotuluka Lamlungu siufikira ubwinowo, ndipo oyilo wamba wa MA wosinthidwa chaka chilichonse pamodzi ndi fyuluta amaikwanira.

Mulingo wa oyilo pa Hondamatic ndi wofunika kwambiri. Akachepa, pampu imakoka mpweya, mphamvu yofinya klatchi imatsika, ndipo injini imangolira njinga osathamanga. Amapimidwa injini itatenthedwa pang'ono n'kuzimitsidwa, njinga itaima chilili pa sitandi yapakati. Mulingo ukakwera wokha, kapena chopimira chikamanunkha petulo, ndiye kuti kabuleta ikudontha ndipo petulo watsikira pansi pa injini. Zikatero oyilo yense amakhuthulidwa ndipo kabuletayo imakonzedwa njinga isanalizidwenso.