Ku Malingunde, Komwe Lilongwe Amamwa

Ndakulira mu Lilongwe ndikumwa madzi apampopi osafunsako komwe amachokera. Mwezi watha ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kupita ku Malingunde, kumwera chakumadzulo kwa mzindawu, kukaona madamu awiri a Kamuzu omwe ali pa mtsinje wa Lilongwe.

Damu loyamba linamangidwa mu 1966, Lilongwe akadali tauni yaing'ono. Ganizo losamutsa likulu kuchoka ku Zomba linali litayamba kale, ndipo linatheka mu 1975. Anthu atachuluka, damu lachiwiri linabwera mu 1989. Kenako makoma a madamu onsewa anakwezedwa. Ndikaona zaka zimenezi, ndimaona mzinda womwe ludzu lake nthawi zonse limathamanga kuposa mapulani. N'chifukwa chake lero tikumva za mapaipi ochokera kunyanja ku Salima.

Koma chomwe chinandigwira mtima si khoma la damu. Nditaima pamtunda, ndinaona mapiri a Dzalanyama kutsogoloko, komwe mtsinjewu umayambira. Atsamunda analengeza kuti nkhalango imeneyi ndi yotetezedwa mu 1922, koma Achewa ankailemekeza kale kwambiri asanabwere iwo. Kumeneko n'komwe kuli Kaphirintiwa, malo omwe makolo amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira, n'kusiya mapazi pathanthwe lidakali lofewa. Chakufupi ndi komweko kunali kachisi wa ku Msinja, komwe Makewana ankatsogolera nsembe zopempha mvula. Tisanakhale ndi bilu yamadzi, dera lomweli n'lomwe anthu ankayang'anako kukagwa chilala. M'kalasi timaphunzira zimenezi ngati chipembedzo chabe. Ine ndikuona kuti ndi mbiri yamadzi.

Pobwerera ndinadutsa amayi ali pamzere pamjigo, zidebe zili ndandanda, damu likunyezimira kumbuyo kwawo. Madzi amenewo ndi a ife okhala kutali.

Panjira tinapitirira njinga zambiri zolemedwa ndi matumba a makala, zonse zolowera kutauni. Mitengo ikatha kuphiri, mvula imakokolola dothi n'kulitsira m'damu, ndipo m'chilimwe mtsinje umaphwa msanga. Boma linafika potumiza asilikali ku Dzalanyama kukathamangitsa ootcha makala. Ndinkafuna kuwakwiyira anyamata anjingawo, koma madzulo omwewo magetsi atazima, ndinakoleza mbaula n'kuterekapo madzi a nsima ochokera ku Malingunde.