Phungu Akadya Ndalama za Alawansi, Amamlanga Ndani?

Madzulo ano tikupita ku London, ku Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster, kumene kunachokera miyambo yambiri ya Nyumba yathu, monga mpando wa Sipikala ndi ndodo yaulemu ija imene imagonekedwa patebulo. Tikufuna tione m'mene aphungu a kumeneko akhala akulangidwira akagwidwa ndi ndalama zosayenera m'manja.

M'chaka cha 1695 Sipikala wa Nyumbayo, Sir John Trevor, anapezeka kuti analandira ndalama zagolide zokwana 1,000 kuchokera kwa akuluakulu a mzinda wa London kuti athandize lamulo lina kuvomerezedwa. Aphungu anzake anamchotsa m'Nyumbamo, nkhani nkuthera pomwepo. Ndende sanailaŵe, ndipo udindo wake wina, wa woweruza wamkulu, anakhala nawo kufikira imfa yake mu 1717. Mlandu wake unali wa chiphuphu, koma mwambo umene unaonekera pamenepo unakhalitsa zaka mazana atatu: zam'Nyumba zimathera m'Nyumba momwemo.

Boma linayamba kulipira aphungu mu 1911, mapaundi 400 pachaka. Mu 1971 anawonjezera alawansi yothandiza phungu wochokera kutali, amene amafunika pogona paŵiri, kwao ndi ku London. Cholinga chinali chabwino ndithu. Chovuta nchakuti malamulo a alawansiyo ankalemba ndi aphungu eni ake, ofesi yolipira inali ya Nyumba yomweyo, ndipo olipira msonkho sankaloledwa kuona malisiti. Pofika 2008 phungu ankatha kutenga mapaundi pafupifupi 24,000 pachaka, ndipo za chakudya, mpaka mapaundi 400 pamwezi, ankalandira popanda lisiti. Ena anatulukira nzeru yosinthasintha nyumba imene ankaitcha yachiŵiri, kotero kuti anakonza nyumba zonse ziŵiri ndi ndalama za anthu. Paja amati mbuzi imadya pamene aimangirira, koma mbuzi iyi inkadzitalikitsira yokha chingwe.

Mtolankhani wina, Heather Brooke, analimbana ndi Nyumbayo zaka zingapo kuti malisiti aonekere, ndipo mu 2008 bwalo la milandu linagamula kuti atulutsidwe. Akuluakulu a Nyumba ali mkati mokonzekera kuwatulutsa atafufuta zina, nyuzipepala ya Daily Telegraph inapeza zonse zosafufuta, niyamba kuzisindikiza pa 8 Meyi 2009.

Dziko linaseka ndi kukwiya nthaŵi imodzi. Sir Peter Viggers anali atapempha mapaundi 1,645 a kanyumba ka abakha koyandama padziŵe, ngakhale kuti ofesi inakana kulipira. Douglas Hogg anali atalemba pa mndandanda wake ndalama zosesera ngalande yozungulira nyumba yake. Aŵiriŵa sanaimenso pa chisankho cha 2010. Sipikala Michael Martin, amene ambiri ankati anateteza chinsinsicho, anakakamizika kutula pansi udindo, woyamba kuchoka motero chichokere cha Trevor. Miyezi yoŵerengeka pambuyo pake anapatsidwa mpando m'Nyumba ya Mabwana, ya House of Lords. Sir Thomas Legg ataŵerengera mabuku, aphungu mazana angapo anauzidwa kubweza ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni. Kwa ambiri chilango chinali chomwecho: bweza, pepesa, khala pansi. Kalaliki wa sitolo atachita zotero kwa bwana wake, sindikhulupirira kuti angangomuuza kuti abweze.

Koma panali ena amene sanangodyerera malamulo ofooka. Iwo ananama poyera. Elliot Morley, amene anakhalapo nduna, ankalandira ndalama za chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba imene anali atamaliza kale kubweza. Iye pamodzi ndi David Chaytor ndi Jim Devine atatengeredwa kubwalo, anatulutsa chishango chakale chija. Anati lamulo la 1689, limene limaletsa mabwalo a milandu kufunsa zochitika m'Nyumba ya Malamulo, likuwateteza, ndipo woyenera kuwaweruza ndi Nyumba yokha. Lamuloli linaikidwa kuti phungu azilankhula mopanda mantha ngakhale podzudzula mfumu. Mu Novembala 2010 Bwalo Lalikulu la dzikolo linakana pempho lao, niliti kulemba chikalata chopempha ndalama si gawo la zokambirana za m'Nyumba. Kwa ine, pamenepa mpamene panagona nkhani yonse, chifukwa ndodo inachoka m'manja mwa aphungu.

Mu 2011 Chaytor anagamulidwa miyezi 18, Morley ndi Devine miyezi 16, Eric Illsley miyezi 12. Aŵiri a m'Nyumba ya Mabwana, Lord Taylor ndi Lord Hanningfield, nawonso analoŵa m'ndende, ndipo Denis MacShane anawatsatira mu 2013. Ambiri anatuluka patangopita miyezi yochepa. Hanningfield anabwerera kumpando wake, ndipo mu 2014 anaimitsidwa chifukwa chongosuzumira m'Nyumbamo mphindi zoŵerengeka kuti alandire mapaundi 300 a tsikulo.

Kuyambira mu 2010 ndalama za aphungu zinaikidwa m'manja mwa bungwe loima palokha, la IPSA, limene limaonetsa poyera zimene phungu aliyense wapempha. Kenaka mu 2015 panadza lamulo lopereka ndodo kwa oponya voti: phungu akapezeka wolakwa pa kunama za alawansi, anthu 10 pa 100 aliwonse a m'dera lake akasaina, mpando umakhala wopanda munthu.

Lamuloli linagwera Chris Davies, phungu wa Brecon and Radnorshire ku Wales, mu 2019. Iye anavomera kuti analemba zikalata zabodza pa zithunzi zokongoletsera ofesi, za mapaundi 700 okha. Bwalo linamlipiritsa mapaundi 1,500 ndi kumlamula kugwira ntchito yothandiza anthu maola 50. Anthu 10,005 anasaina, mpando unachoka. Chipani chake chinamuimikanso pa chisankho chapadera cha pa 1 Ogasiti chaka chomwecho, ndipo anagonja kwa Jane Dodds ndi mavoti 1,425.