Kansomba kamene kanasanduka cinjoka

Usiku wina, pa pologalamu yanga ya pa wailesi, mayi ena anaimba foni atakwiya. Anati apeza mwana wawo akuweta cinjoka m'foni, cabuluu, cokhala kukamwa yasa, mano onse pamtunda. Funso lawo linali limodzi: kodi si zausatana zimenezi? Ndinasowa cowayankha, ndipo ndinalonjeza kufufuza.

Mwana wa mlongo wanga ndiye anandiuza dzina lake: Gyarados, wa m'masewero a Pokémon. Masewerowa anayamba ku Japan mu 1996, ndipo anawayambitsa ndi Satoshi Tajiri, yemwe ali mwana ankakonda kugwira tizilombo kuthengo monga ife tinkakumbira nkhululu. Cimene cinandiseketsa n'cakuti cilomboci cimayamba ngati kansomba kofiira, Magikarp, kopanda nchito. Ena akamamenyana, iko kamangophiriphitha. Ana ambiri amakataya. Koma wopirira nako mpaka gawo la 20 amangoona kasanduka cinjoka coopsa cija.

A ku Japan sanaipeke okha nkhaniyi. Gwero lake ndi ku China, pa mtsinje wa Huang He, pamene madzi amapanikizika pakati pa mapiri m'malire a zigawo za Shanxi ndi Shaanxi. Malowo amachedwa Longmen, kutanthauza Cipata ca Cinjoka. Nthano yawo imati nsomba za carp zimakwera mtsinje molimbana ndi madzi, zambiri n'kubwerera zitavulala pamphumi, koma yodumpha mathithiwo imasanduka cinjoka. Anzathu a kunyanja sangadabwe, cifukwa mpasa, yomwe ndi ya banja limodzi ndi carp, nayo imakwera mitsinje kukaswa.

Apa mpamene nthano inalowa m'mbiri ya anthu. Buku la Hou Hanshu limasimba za nduna ina yolemekezeka, Li Ying, imene inamwalira mu 169. Wacinyamata akangolandiridwa pakhomo pake, anthu ankati wakwera Longmen. Pambuyo pake mawuwa anasamukira ku mayeso a boma, amene mafumu a ku China ankasankhira akuluakulu a nchito kwa zaka zoposa 1,000, mpaka anathetsedwa mu 1905. Mayesowo anali owawa. Ena ankalemba mpaka imvi, osakhoza. Koma mwana wa mlimi akakhoza, banja lonse linkakwera naye. Kansomba konyozeka kaja ndi mwana wasukulu ameneyo.

Ku Japan mpaka lero, pa 5 Meyi, tsiku la ana, makolo amapacika pamtengo nsalu zosokedwa ngati nsomba za carp, zochedwa koinobori, kuti ziziuluzika ndi mphepo ngati zikukwera mtsinje.

Nanga usatana uja? Ife mawu akuti cinjoka tinawadziwira m'buku la Civumbulutso, n'cifukwa cake timanjenjemera. Ku China cinjoka ndi mwini mvula ndi mitsinje, cizindikiro ca mfumu. Alimi ankacipempha mvula pa cilala. Kunena zoona, Gyarados sanatenge ulemu wonsewo. M'masewero ndi waukali, wogumula midzi akapsa mtima, ndipo kwa ine akufanana kwambiri ndi Napolo amene agogo ankati akamasamuka m'phiri amakokolola minda ndi nyumba. Opanga masewerowo sanamuike n'komwe m'gulu la zinjoka. Anamulemba kuti ndi wa madzi ndi wouluka, ndipo mwana wa mlongo wanga amadandaula nazo mpaka pano.

Sabata yotsatira ndinafotokoza zonsezi pa wailesi. Mayi aja anaimbanso, mtima uli pansi. Anati: "Zikomo acimwene, ndamva. Koma poti mwati ndi nkhani ya mayeso, foniyo ndasunga ine mpaka atalemba ake."